Lipoti la msonkhano wokambirana mabuku a achinyamata osaka ziwanda

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la owerenga,

Munandituma ku msonkhano wa aphunzitsi, osamalira malaibulale ndi alembi kuti ndikamve ngati mabuku a achinyamata osaka ziwanda ndi oyenera kukhala pa mashelefu athu. Ndabwerako ndi maganizo akuti tiwaike, koma tiyambe tawawerenga eni akefe.

Chigawo cha m'mawa chinali chofotokoza mtundu wa nkhanizi. Amazitcha urban fantasy chifukwa zodabwitsa zake sizichitikira kudziko longoyerekeza, koma mu mzinda weniweni wa masiku ano, momwe muli mafoni, apolisi ndi sitima zapansi panthaka. Chiwanda chimayenda pakati pa anthu chitavala nkhope ya munthu, khamu lonse osachizindikira. Wochiona amakhala mwana wa zaka 15 kapena 16, ndipo mabukuwa amalembedwera owerenga a zaka 12 mpaka 18. Ambiri anati njira inalambulidwa ndi sewero la pa TV la Buffy the Vampire Slayer, lomwe linayamba mu 1997.

Buku lomwe linali pakamwa pa aliyense ndi City of Bones, la Cassandra Clare, lotuluka mu 2007. Clary Fray, mtsikana wa zaka 15 wa ku New York, ali m'nyumba yovinira usiku akuona achinyamata atatu olembedwa zizindikiro pakhungu akupha mnyamata wina. Mtembo ukuzimirira pomwepo, magazi osatsala, ndipo mnzake yemwe anabwera naye sakuona kanthu. Posakhalitsa mayi ake a Clary asowa. Pofunafuna, Clary atulukira kuti mayiwo anali mlenje wa ziwanda ndipo anauza wamatsenga kuti azimufufuta zokumbukira zake chiyambire ali mwana. Nkhaniyi ili ndi mabuku 6, lomaliza la mu 2014. Anaipanganso filimu mu 2013 ndi sewero la pa TV kuyambira 2016 mpaka 2019, n'chifukwa chake ana ambiri amafika akulifunsa ndi dzina.

Mkangano unabuka masana. Alenje a m'bukuli amatchedwa Anefili, dzina lotengedwa pa Genesis 6:4, ndipo nkhaniyo imati mphamvu zawo zinachokera ku magazi a mngelo Raziel. Aphunzitsi ena anadandaula kuti kusakaniza mayina a m'Malemba ndi zopeka kungasokoneze mwana, komanso kuti ziwanda si chinthu chosewera nacho. Nkhawa imeneyi sindikuipeputsa. Ena mwa ife pano tili nayo, ndipo kholo lokana kuti mwana wake awerenge bukuli tiyenera kulilemekeza, osaliseka.

Koma ine chinandigwira mtima ndi chimene wosamalira laibulale wina anatilozera: tione mdani weniweni ndi ndani. Ziwanda zambiri za m'mabukuwa zimafa msanga, lupanga likangolasa basi. Wovuta kugonjetsa ndi munthu. Mu City of Bones ndi Valentine, mlenje amene amadziona wa magazi oyera ndipo akufuna kufafaniza onse osiyana naye, ngakhale amene alenje anzake anachita nawo pangano la mtendere. Munthu ameneyu ndi bambo ake a Clary. Ndiye kuti mwana wowerenga akutsata mtsikana amene wazindikira kuti akuluakulu anamubisira choonadi, wina pomuteteza, wina pofuna kumugwiritsa ntchito, ndipo ayenera kusankha yekha mbali yoima. Mafunso otere wachinyamata aliyense amakhala nawo mumtima, kungoti amasowa pomwe angawayambire.

Chitsanzo china chinali Legendborn, la Tracy Deonn, la mu 2020. Bree Matthews, mtsikana wakuda wa zaka 16, wangoferedwa mayi ake pa ngozi ya galimoto, ndipo pa yunivesite ya ku Chapel Hill, ku America, akupeza gulu lachinsinsi losaka ziwanda, la zidzukulu za ankhondo a Mfumu Arthur ya m'nthano zakale za ku Britain. Ziwanda zilimo ndithu, koma msana wa bukuli ndi chisoni cha mwana woferedwa komanso mbiri ya ukapolo imene inakhudza makolo ake. Pa mabuku onse amene anatchulidwa, ili ndi limene ndingakonde kuti tiyambire.

Pali zoyenera kusamala, ndipo sindikufuna kuti mudzazimve kwa kholo lokwiya. Ndewu zake zimafotokozedwa mwatsatanetsatane, mabala ndi imfa zomwe. Chikondi nachonso chimakula buku lililonse. Kumapeto kwa City of Bones, Clary ndi mnyamata yemwe wayamba kumukonda amauzidwa kuti ndi pachibale, ndipo bodzalo limadziwika m'buku lachitatu, la mu 2009. Mwana wa zaka 12 ndi wa zaka 17 sangalandire zimenezi mofanana, choncho chizindikiro chakuti buku ndi la achinyamata pachokha sichikwanira.

Mfundo ina ndi yaifupi: nkhanizi zimabwera m'mndandanda, ndipo buku loyamba limathera m'malere dala. Tikakhala ndi loyamba lokha, mwana abwerera wokhumudwa. Kuli bwino mndandanda umodzi wathunthu kusiyana ndi mabuku oyamba okhaokha a nkhani zosiyanasiyana.

Choncho ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tisankhe anthu oti awerenge mabuku awiriwa, pakhale kholo, mphunzitsi ndi wachinyamata. Aliyense alembe mwachidule zimene zilimo ndi msinkhu umene akuona kuti ndi woyenera, kuti kholo likafunsa tiziyankha zimene tikuzidziwa. Ndikupemphanso kuti mmodzi mwa owerengawo akhale wochokera mwa amene akukayikira mabukuwa, ndipo maganizo ake alembedwe m'maminitsi monga momwe adzawanenere.

Ndine nthumwi yanu.