Dandaulo pa zotsatira za kuyeza madzi a chitsime chathu

Bwana Manijala,

Ndine mlembi wa komiti ya chitsime m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa North Rukuru, m'boma la Karonga. Pepala la zotsatira lomwe mwatitumizira silikuyankha funso limene tinakulipirirani.

Mnyamata wanu atabwera tinamuuza nkhawa yathu mosapsatira. Kumtunda kwathu kuli mgodi wa Kayelekera, womwe unayamba mu 2009, unaima mu 2014, n'kutsegulidwanso mu 2025. Miyala ya uranium amaipera n'kuisungunula ndi asidi, matope otsalawo n'kuwasunga m'damu. Mtsinje wa Sere wa kumeneko umathira mu North Rukuru. Sitikuloza chala mgodiwo ayi. Tinkafuna kudziwa ngati madzi omwe ana athu akumwa ali ndi uranium. Mnyamata wanuyo anavomera, anatunga mabotolo awiri, n'kulemba dzina la mudzi pa zivindikiro ife tikuona.

Papepala lanu pali za tizilombo totsegula m'mimba, za mchere ndi za kuda kwa madzi. Za uranium palibe ngakhale mzere umodzi, koma pansi mwadinda kuti madziwo ndi abwino kumwa.

Nditaimba foni, wa ku ofesi kwanu anati tizingowiritsa kapena kuthira klorini. Apa ndiye pandipweteka mtima, bwana. Uranium ndi chitsulo, sichifa ndi moto. Madzi akamaphwa mumphika icho chimatsala, ndipo klorini sachichotsa. Sichinunkha, sichisintha mtundu wa madzi, chimangowononga impso mwakachetechete. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamaikrogiramu 30 pa lita imodzi. Nambala yoti tiyerekeze ndi imeneyi ndiyo tinkaiyembekezera.

Ndalamazo tinasonkha khomo ndi khomo. Ena anagulitsa mpunga wawo wa kilombero, agogo ena ndinawaona akumasula mfundo ya pachitenje. Ndikaima pamsonkhano ndiwauza chiyani anthu amenewa?

Tikupempha kuti mubwerenso pa ndalama zanu, mudzatunge madzi ena mvula ikadali kugwa, muwayeze uranium, nambala yake mutilembere. Ngati mulibe makina ake, nenani poyera ndipo mutibwezere ndalama zathu. Pakatha masiku 14 osamva kanthu, nkhaniyi tikaitula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti ya chitsime