Za Misa ija unakokedwa jekete

Aise,

Meseji yako ija ndinaiona usiku womwe uja koma ndinangoisiya dala, chifukwa zinkaoneka kuti walemba mtima uli m'mwamba ndipo ndikanangoyankha kuti pepa ukanati ndikukuseka. Komanso kunena zoona ndinasekadi pang'ono. Ndinakuona m'maganizo mwanga anthu akundanda kupita kutsogolo kukalandira mgonero, iwe wanyamuka bwinobwino ukukonza kolala, kenako alamu, bwenzi lako Mkatolika lija, akukukoka jekete chakumbuyo kuti khala pansi, iwe n'kukhala ukuyang'ana m'mwamba ngati ukuwerenga mababu. Nde funso lako lija lakuti kodi Akatolikawa ndi Akhristu n'komwe, kapena ife a Chipulotesitanti ndi amene amationa ngati akunja, ndati ndiliyankhe modekha, poti ukwati uli panjira ndipo nkhaniyi idzabweranso.

Akatolika ndi Akhristu, apa palibe kukaika. Ndipotu ndi ochuluka kuposa mpingo wina ulionse, alipo pafupifupi 1.4 biliyoni, kutanthauza kuti pa Akhristu awiri alionse padziko pano mmodzi ndi Mkatolika, kapena kuchepera apo pang'ono. Amakhulupirira Utatu Woyera, kuti Yesu ndi Mulungu ndi munthu, anafa pamtanda nauka tsiku lachitatu, zomwe zija iwe umanena Lamulungu lililonse. Mawu amene mipingo yambiri imavomereza nawo chikhulupiriro anachokera ku msonkhano wa ku Nicaea mu 325, n'kudzawonjezeredwa ku Constantinople mu 381, nthawi imeneyo kulibe mpingo wa Lutheran, Baptist kaya Presbyterian. Liwu loti katolika palokha ndi lachigiriki ndipo limangotanthauza wa ponseponse, wa anthu onse. Ignatius wa ku Antioch analigwiritsa kale ntchito m'kalata yake chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 100. Antioch yomweyo imene Machitidwe 11:26 amati ophunzira anayamba kutchedwa Akhristu.

Ine mmene ndimaionera nkhani yonseyi, mkangano waukulu ndi umodzi basi, wakuti mawu omaliza ali ndi ndani. Zinazi za Maria, za purigatoriyo (kumene amati mizimu ya akufa imayeretsedwa isanalowe kumwamba), za ansembe osakwatira, ndi ana a mkangano umenewu. Mkatolika amati Baibulo inde, koma limodzi ndi chiphunzitso chimene mpingo wakhala ukusunga kuchokera kwa atumwi, ndipo otanthauzira ndi maepiskopi pamodzi ndi Papa amene amamutenga ngati wolowa m'malo mwa Petro, vesi yawo ndi Mateyu 16:18 ija ya thanthwe. Ife a Chipulotesitanti timati Baibulo lokha ndiye muyeso, wina aliyense ngakhale msonkhano wa mpingo akhoza kuphonya. A Orthodox nawo amati miyambo ya atumwi tikuivomereza, maepiskopi tikuwavomereza, koma wa ku Rome asatilamule tonse, akhale woyamba pa ulemu chabe.

Kugawikanaku sikunayambe ndi Luther ayi, anthu ambiri amaphonya pamenepa. Mu 451 ku Chalcedon anakangana za mmene umulungu ndi umunthu wa Yesu zimakhalira pamodzi, ndipo a Coptic aku Egypt, aku Armenia ndi ena anakana zomwe anagwirizana kumeneko, mpingo wa Orthodox waku Ethiopia uli m'gulu lomweli mpaka lero. Kenako mu 1054 kadinala wina dzina lake Humbert, wotumidwa kuchokera ku Rome, analowa m'tchalitchi cha Hagia Sophia ku Constantinople n'kusiya paguwa chikalata chochotsa mkulu wa mpingo wa kumeneko Michael Cerularius, iwonso n'kubwezera, ndipo chakachi ndi chimene chimatchulidwa pa kugawikana kwa Katolika ndi Orthodox. Chimodzi mwa zomwe ankakanganirana chinali liwu limodzi lachilatini, filioque, limene akumadzulo anaonjezera pa chikhulupiriro chija kunena kuti Mzimu Woyera amachokera kwa Atate ndi Mwana, pomwe poyamba panangolembedwa kuti kwa Atate. Ankakangananso ngati mkate wa paguwa ukhale wotupitsa kapena ayi. Koma chimene chinapweteketsa mitima zedi ndi 1204, pamene asilikali akumadzulo amene ankati akupita kunkhondo ya mtanda anakhotera ku Constantinople n'kufunkha mzinda wa Akhristu anzawo.

Nde kubwera Martin Luther mu 1517. Usaiwale kuti mkuluyu anali wansembe wa Katolika, mmonke wa chipani cha Augustine, sanadzuke m'mawa kuti lero ndiyambitsa mpingo. Chinamunyansa ndi malonda a zikalata zochepetsera chilango cha machimo, amene mlaliki wina Johann Tetzel ankayenda nawo, ndalama zina zikupita kukamangira tchalitchi cha Petro Woyera ku Rome. Analemba mfundo 95 ku Wittenberg, nkhani inakula, mu 1521 Papa Leo X anamuchotsa mumpingo. Ku England nkhani inali ina, mfumu Henry VIII inkafuna kuthetsa ukwati wake ndi Catherine wa ku Aragon, Papa anakana, mu 1534 mfumuyo inakhala mutu wa mpingo wa dzikolo, n'chifukwa chake ukalowa m'tchalitchi china cha Anglican ukhoza kuyesa uli ku Misa. John Calvin ku Geneva, John Knox ku Scotland kumene kunakhazikika Chipresbyterian, kenako a Baptist, a Methodist a John Wesley, a Seventh Day mu 1863, a Pentekosite amene moto wao unabuka ku Azusa Street ku Los Angeles mu 1906. Ndandandawu sutha, ndipo umu ndi mmene ndimaonera kufooka kwa mbali yathuyi, munthu akasemphana ndi abusa amangotenga Baibulo lake n'kukayambitsa wake.

Tsopano za jekete lako. Alamu sanakunyoze, anakupulumutsa. Kwa Mkatolika, wansembe akanena mawu aja paguwa mkate ndi vinyo zimasanduka thupi ndi magazi a Khristu enieni, maonekedwe ndi kakomedwe kokha ndi komwe kamatsala. N'chifukwa chake amagwada akamalowa, ndipo kanyale kofiira kaja unakaona kakuyaka pafupi ndi kabokosi kutsogolo kamasonyeza kuti Ukaristia, mkate wopatulidwa uja, ulimo. Kulandira kwa iwo ndi kunena kuti ndikuvomereza zonsezi ndipo ndili pamodzi ndi mpingo uwu kwathunthu. Iwe sukuvomereza, nde ukanalandira ukananena ndi thupi lako chinthu chimene mtima wako ukukana. Ngakhale Mkatolika weniweni amene ali ndi tchimo lalikulu ndipo sanakalape kwa wansembe sayenera kulandira, ukanayang'ana m'mbali ukanaona ena atatsalira pamabenchi ngati iwe. A Orthodox nawonso salola mlendo. Ndipo usaganize kuti ife tinagwirizanapo pa nkhaniyi, Luther mwiniwake ankakhulupirira kuti Khristu alimodi mu mkate, Zwingli, mtsogoleri wina wa Chipulotesitanti wa ku Zurich, ankati n'chikumbutso chabe, anakumana ku Marburg mu 1529 n'kusiyana osamvana.

Chinthu chimene chingakutsitse mtima ndi ubatizo. Ngati unabatizidwa ndi madzi m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, Katolika imauvomereza ubatizo umenewo, ngakhale utafuna kulowa sangakubatizenso. Munthu amene amakuona wakunja sangatero. Pa msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, 1962 mpaka 1965, anavomereza poyera kuti obatizidwa a mipingo ina ndi Akhristu ndipo ndi abale, ngakhale umodzi wake ndi wosakwanira. Mu 1965 Papa Paul VI ndi Athenagoras, mkulu wa mpingo wa Orthodox ku Constantinople, anafafaniza kuchotsana kuja kwa 1054, patapita zaka zoposa 900, tangoganiza. Ndipo mu 1999 ku Augsburg a Katolika ndi a Lutheran anasaina chikalata chogwirizana kuti munthu amalungamitsidwa mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro mwa Khristu, imodzi mwa nkhani zikuluzikulu zimene Luther anasemphanirana ndi Rome, a Methodist anadzalowa nawo mu 2006. Sindikuti zonse zatha. Iwo amaonabe kuti mpingo umene Khristu anakhazikitsa uli mwa iwo mokwanira, ndipo zimenezo ineyo zimandikhumudwitsa, sindingakunamize.

Tsiku lina utenge Baibulo lako ndi la alamu uwaike pathebulo, utsegule tsamba la zamkatimu uwerenge ndi chala. Ine ndinachitapo, langa linathera pa 66, linalo pa 73. Chipangano Chatsopano n'chimodzimodzi, mabuku 27 onse. Kusiyana kuli m'Chipangano Chakale, mmene iwo ali ndi mabuku 7 oonjezera monga Tobiti, Yuditi, Baruki ndi awiri a Amakabeo. Kale ndinkati anaphatikizamo okha, koma kenako ndinadzaona kuti mabukuwa anali kale m'Baibulo lachigiriki limene Akhristu oyamba ankawerenga, Luther anatsata mndandanda wachihebri n'kuwaika padera, msonkhano wa ku Trent wa 1545 mpaka 1563 unatsindika kuti kwa Akatolika ndi malembo oyera. Kupempherera akufa amakupeza mu 2 Amakabeo 12, nde ukamufunsa Mkatolika kuti zili pati m'Baibulo akutsegulira buku limene iwe ulibe, mkangano n'kubwerera pomwe paja pakuti mawu omaliza ali ndi ndani.

Za Maria ndi oyera mtima, iwo amati sitiwapembedza, timawapempha atipempherere ngati mmene ungapemphere mnzako, kupembedza n'kwa Mulungu yekha. Ine ndimamva mfundoyo koma ndimakakamirabe pa 1 Timoteo 2:5, mkhalapakati mmodzi. Ukamakangana ndi alamu kangana ndi zomwe akunena iwowo, osati zomwe tinkauzana tili ana kuti amalambira mafano, mudzangopsetsana mitima pachabe. Zakuti Papa salakwa nazonso sizitanthauza kuti sachimwa kapena kuti chilichonse anganene pandege n'lamulo, ndi pokhapokha akulengeza mwalamulo chiphunzitso cha chikhulupiriro kapena makhalidwe kwa mpingo wonse. Anakhazikitsa zimenezi mu 1870, ndipo chitsanzo chodziwika chichokereni apo ndi cha Papa Pius XII mu 1950, chokhudza kutengedwa kwa Maria kunka kumwamba. Masakramenti iwo ali nawo 7, ambiri a ife awiri, ubatizo ndi mgonero.

Pa za ukwati, sakukakamiza kulowa Katolika. Pamafunika chilolezo cha episkopi chimene wansembe amathandiza kupempha, ndipo alamu ndi amene adzalonjeze kusunga chikhulupiriro chao ndi kuchita zonse zomwe angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa Chikatolika, iwe umangodziwitsidwa za lonjezolo. Pamenepa ndi pomwe ndikufuna mukhalirane pansi awirinu musanaonane ndi wansembe kaya abusa, chifukwa za benchi zija n'zazing'ono, mwana woyamba akadzabadwa m'pamene funso lidzafike ndi mphamvu ndipo makolo a mbali zonse adzakhala ndi maganizo awo.

Undiuze ngati mwakambiranapo kale za anazo. Alamu uwapatse moni, uwauze kuti ulendo wina akamakutenga ku Misa azikuuziratu muli panjira, jekete lingang'ambike.

Ndine mnzako yemwe uja.