Kugumula catalytic converter sikukonza galimoto

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndikambepo za utsi wa galimoto zing'onozing'ono, makamaka chizolowezi chimene chafala m'magalaja chochotsa kapena kugumula catalytic converter galimoto ikayamba kufooka pachitunda. Amene amayenda wapansi mumsewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre, kapena kudutsa pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe nthawi yoweruka, akuudziwa mpweya wake: maso amalira, kukhosi kumakanda. Anthu amati vuto n'lakuti galimoto zathu n'zakale. Zakale n'zakaledi, koma utsi wambiri ukutuluka chifukwa cha zipangizo zimene zinachotsedwa dala kuno kwathu.

Vitz, Passo, Sienta, Mira kapena Fit ikamachoka ku Japan imakhala ili ndi zonse. Kumeneko galimoto imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo woyesa amalowetsa chipangizo mu ekizozi injini ikulira galimoto itaima. Pa galimoto zambiri, mpweya wapoizoni wa carbon monoxide suyenera kupyola 1 peresenti, ndipo mafuta osapsa sayenera kupyola 300 ppm, kutanthauza magawo 300 pa miliyoni. Galimoto yomweyo ikalowa pa Songwe kapena pa Mwanza n'kuyenda pang'ono m'misewu yathu, imayamba kulavula poizoni wochuluka kangapo kuposa pamenepa.

Catalytic converter ndi kachitini kamene kali pa paipi ya ekizozi, pafupi ndi injini. Mkati mwake muli dongo lootcha la timabowo tambirimbiri ngati zisa za njuchi, lopakidwa zitsulo zodula kwambiri: platinum, palladium ndi rhodium. Zitsulozi zilimo magalamu ochepa chabe, koma n'zimene zimachititsa kuti ogula zitsulo zakale azikasaka, ndiponso kuti mwini galimoto azinyengereredwa kuti kachotsedwe. Kakatentha kufika madigiri pafupifupi 300, kamasandutsa carbon monoxide, mafuta osapsa ndi mpweya wa nitrogen oxides kukhala carbon dioxide, nthunzi ya madzi ndi nitrogen. Pa galimoto ya bwinobwino kamachotsa poizoni woposa magawo 90 pa 100 alionse. Koma kuti katero, injini iyenera kusakaniza mpweya ndi petulo pa mlingo wake, womwe ndi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Ntchito yoyang'anira mlingowu ndi ya oxygen sensor imene ili kutsogolo kwa kachitinika. Ina ili kumbuyo, ndipo imauza kompyuta ya galimoto ngati kachitinika kakugwira ntchito.

Kale panali chifukwa chomveka chokachotsera. Petulo anali ndi mtovu wa lead, umene unkakuta zitsulo zija n'kuzipha m'kanthawi kochepa. Koma mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anasiya kugulitsa petulo wotere kumayambiriro kwa 2006. Chifukwacho chinapita, chizolowezi chinatsala.

Masiku ano catalytic converter sikafa kokha, kamaphedwa ndi vuto lina la mu injini. Choyamba ndi pulagi kapena koyilo yakufa. Silinda imodzi ikamaphonya moto, petulo wosapsa amatsikira mu ekizozi n'kukayakira mkati mwa kachitinika, dongo lija n'kusungunuka n'kutseka timabowo. Nyali ya check engine ikamathwanima, osati kungoyaka, ikunena zimenezi, ndipo kuyendabe makilomita ochepa okha kungathe kuwononga chipangizo chodula kuposa mapulagi onse anayi. Chachiwiri ndi oyilo wodutsa pa maringi a pisitoni kapena pa ma valve seal otha. Phulusa lake limamata timabowo. Madzi a mu radiyeta odontha kudzera pa head gasket amachitanso chimodzimodzi. Onjezaniponso mafuta a m'zigubu amene anthu amagula kwa mavenda mafuta akasowa, omwe nthawi zina amakhala osakanizidwa ndi palafini, komanso kulizira galimoto pokankha tsiku ndi tsiku m'malo mogula batire.

Ndiye makaniko akagumula dongolo ndi chitsulo n'kuwotcherera chitini chopanda kanthu, galimoto imayambadi kukwera chitunda, mwini wake n'kuthokoza. Koma pulagi yakufa ija ikadali momwemo, oyilo akupsabe, ndipo nyali ya check engine iyakanso chifukwa oxygen sensor yakumbuyo ikuona utsi wosasefedwa. Apa m'pamene ena amachotsa babu la nyaliyo kapena kumatapo tepi yakuda. Kuyambira tsiku limenelo, vuto lina lililonse likabwera dalaivala salidziwa mpaka injini itaima.

Njira yoyenera si yovuta. Makaniko alumikize kompyuta pa soketi ya OBD2, imene imakhala pansi pa chiwongolero, awerenge makodi asanamasule nati iliyonse. P0300 mpaka P0304 ikunena za kuphonya moto, ndipo kuyambira P0301 nambala yomalizayo imatchula silinda yake. P0171 ikunena kuti mpweya wachuluka, kawirikawiri chifukwa cha kapaipi kong'ambika kapena pampu ya mafuta yofooka. P0172 ikunena kuti petulo wachuluka. P0420 ndiyo imanena za catalytic converter, koma nayo isakupupulumitseni: paipi ya ekizozi yoboka pafupi ndi sensa, kapena sensa yotopa, imabweretsa kodi yomweyi. Kuti mudziwe ngati kachitinika katsekekadi, masulani oxygen sensor yakutsogolo, mangani geji pabowopo, kwezani injini kufika 2,500 rpm. Geji ikapyola 3 psi, katsekeka. Ikakhala pansi pamenepo, kufooka kwa galimoto kukuchokera kwina. Kakapezeka kuti kafa, yambani mwakonza chimene chinakapha, kenako ikani kena, ngakhale kochokera ku galimoto yophwasulidwa, bola mukakagwedeza kasamveke kugobedeza mkati.

Chipangizo china chimene chimatayidwa popanda mlandu ndi thermostat. Amati kuno n'kotentha, n'cha kumayiko ozizira chimenecho. Thermostat ya galimoto zambiri za ku Japan imatseguka pa madigiri pafupifupi 82, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza injini kutentha msanga. Ikachotsedwa, madzi amangozungulira mu radiyeta, injini imachedwa kutentha, ndipo kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri poganiza kuti kukadali m'mawa. Zotsatira zake ndi mapulagi a mwaye, oyilo wosakanikirana ndi petulo, ndi kachitini kamene sikafika msanga pa kutentha kogwirira ntchito. Galimoto imene ikuwira ili ndi radiyeta yotsekeka, fani yakufa, chivindikiro cha radiyeta chotha kapena pampu ya madzi yodyeka. Thermostat ikamatirira, gulani ina.

Mtundu wa utsi umanena zambiri kwa amene alibe kompyuta. Wakuda ndi mafuta ochuluka: yang'anani fyuluta ya mpweya, ma injector ndi sensa yoyeza mpweya wolowa. Fyuluta imeneyi buku la galimoto limaipatsa makilomita ambiri, koma m'misewu yafumbi ya mu Seputembala ndi Okutobala iyenera kuonedwa nthawi iliyonse posintha oyilo, ndipo kuipopa mpweya wamphamvu kumang'amba pepala lake. Wobiriwira motuwa ndi oyilo. Woyera wambiri, wosatha ngakhale injini itatentha, ndi madzi.

A galimoto za dizilo zatsopanoko, monga Mazda CX-5, ali ndi nkhani yawoyawo. Galimotozi zili ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha pootcha mwayewo pa madigiri pafupifupi 600. Maulendo afupiafupi a m'tauni saipatsa mpata umenewu. Imafuna kuyenda mphindi 20 kapena 30 mumsewu waukulu osaimaima, ndiponso oyilo wa phulusa lochepa, wolembedwa DL-1 kapena C1 monga buku lake likunenera. Oyilo wa malole amaitseka mpaka kalekale, chifukwa phulusa silipsa.

Pali utsi umodzi umene catalytic converter siingachepetse. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a carbon dioxide, ya dizilo pafupifupi 2.7, ndipo njira yake ndi imodzi yokha, kuotcha mafuta ochepa. Pimani matayala ali ozizira, potsatira nambala imene ili pa chomata cha pa chitseko cha dalaivala, osati pomenya ndi phazi. Zimitsani injini podikira mwana pasukulu kapena pamzere wa mafuta, chifukwa injini yaing'ono yolira chabe imatha kumwa theka la lita kapena kuposa pa ola. Kutenthetsa galimoto mphindi khumi m'mawa kunali kwa nthawi ya galimoto zakale za carburettor. Eni Aqua ndi Prius, galimoto zoyendera petulo ndi magetsi a batire, akumbukire kupukuta fumbi pa kasefa ka fani yoziziritsa batire, pambali pa mpando wakumbuyo. Batire ikatentha, injini ya petulo ndiyo imagwira ntchito yambiri.

Oyilo wakale, yemwe amakhala malita atatu kapena anayi pa sevisi imodzi, asathiridwe mu ngalande yopita ku mtsinje wa Mudi kapena wa Lingadzi. Asungidwe m'diramu lotseka.

Pempho langa lipite ku nthambi ya boma ya Road Traffic. Poyesa galimoto kuti ipatsidwe COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, utsi uyesedwe ndi makina, nambala yake ilembedwe pa pepala. Kuyesako kumatenga mphindi zosakwana zisanu, injini itatentha. Malire oyambira angakhale omwewo a ku Japan, 1 peresenti ndi 300 ppm, popeza galimotozi zinapangidwa kuti zizikhoza mayeso amenewo. Chaka choyamba yolephera ingochenjezedwa, chaka chachiwiri ibwezedwe ikakonzedwe kaye.

Ine wanu,
Makaniko wa galimoto,
Blantyre