Amene anawononga mlengalenga alipire, asatikongoze

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya kusintha kwa nyengo, chifukwa ikamakambidwa pa wailesi ndi m'misonkhano kuno ku Lilongwe, chala chimathamangira kwa mayi wophikira pa mbaula ndi kwa bambo wokankha njinga ya makala, ngati kuti iwowa ndiwo anasokoneza mvula ya dziko lonse lapansi.

Mpweya wa carbon dioxide, umene ukaunjikana mumlengalenga umatsekereza kutentha kuti kusatuluke, umachokera makamaka ku malasha, mafuta ndi gasi zimene mayiko amawotcha popanga magetsi ndi poyendetsa mafakitale ndi galimoto. Pakali pano China ikutulutsa pafupifupi 30 peresenti ya mpweyawu, America pafupifupi 13 peresenti, ndipo tikawerengera kuchokera pamene mafakitale anayamba, America yokha yatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Africa yonse, ndi anthu ake oposa 1.4 biliyoni, siifika pa 4 peresenti, ndipo pa kachepako wotsogola ndi South Africa imene magetsi ake ambiri amachokera ku malasha. Mpweya wa mafuta ndi malasha umene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa pa chaka, M'malawi angautulutse m'zaka zoposa 100.

Koma maliro ali kwathu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala mumdima kwa miyezi yambiri. Mu Malichi 2023 Freddy anapha anthu oposa 1,000, ena mwa iwo atakwiririka ndi matope otsika m'phiri la Soche ku Chilobwe. Chaka chotsatira ng'amba inafotetsa chimanga, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Sindikuikira kumbuyo wowononga nkhalango. Aliyense wodutsa msewu wa ku Likuni m'mamawa amaona njinga zosenza matumba a makala osanjikizana kupitirira mutu wa mwini wake, ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri mwa matumbawo akuchokera ku Dzalanyama, kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene timamwa. Nkhalango imeneyi tiiteteze chifukwa cha madzi ndi nthaka yathu. Komabe wowotcha makala sangasiye pamene mzinda wonse ukumudikira kuti uphike nsima, ndipo magetsi odalirika ndi gasi wotsika mtengo zimafuna ndalama.

Apa ndiye pagona nkhani. Mu 2021 Malawi inalonjeza kuchepetsa mpweya wake ndi 51 peresenti pofika 2040, koma 6 peresenti yokha ndiyo ya mphamvu zathu, yotsalayo ikudalira thandizo lakunja. Thumba lolipirira zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo limene mayiko anagwirizana pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt, mu 2022 linalonjezedwa pafupifupi madola 700 miliyoni okha ku Dubai mu 2023, pamene zimene Freddy anawononga m'Malawi mokha zinaposa madola 500 miliyoni. Chondipweteka kwambiri n'chakuti ndalama zambiri za nyengo zimabwera ngati ngongole, kotero wophwanyiridwa mlatho ndi amene akubweza ndi chiwongoladzanja kwa wouphwanya.

Ndikupempha aphungu athu kuti afunse nduna ya zachuma iuze Nyumba ya Malamulo poyera ndalama za nyengo zimene talandira, zingati ndi zaulere, zingati ndi ngongole, ndiponso zagwira ntchito m'maboma ati.

Wowerenga wanu,
Likuni, Lilongwe