Phala la ana athu silidziphika lokha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za nkhani imene ena aione ngati yaing'ono koma ine yakhala ikundidya mumtima. Ndine telala, ndimasoka pakhonde la shopu ina kuno ku Chilobwe, ndipo Lachitatu lililonse ndimadzuka 4 koloko mbandakucha kupita kukaphika phala pa sukulu ya pulaimale imene ana anga amaphunzira. Eya mwawerenga bwino, bambo wandevu zake, mthiko m'manja.

Ndisaname kuti ndinayamba chifukwa cha mtima wabwino ayi. Amene anali pa ndandanda ndi mayi a kunyumba, ndiye atayamba kuvutika ndi miyendo anandipempha kuti ndikawaimirire tsiku lawo poti anzawo akanachepekedwa. Ndinapita monyinyirika ndithu, maganizo anga anali oti ndikangowaza nkhuni ziwiri zitatu basi ndizibwerako. Amayi amene ndinawapeza anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako agogo ena amene ndi akuluakulu a gululo anangondipatsa mthiko wautali ngati nkhafi ya bwato nkundilozera mphika. Abale, mphika wa phala la ana mazanamazana si wa kunyumba uja. Ufa umayenera kuusungunula kaye m'madzi ozizira kuti lisachite zibuluma, ukathira m'madzi otentha ndiye kutakasa osaleka, ukangoti ndipumeko pang'ono lapserera pansi ndipo ana amadziwa, amakuuza pamaso kuti lero lanunkha utsi. Tsiku loyamba ndinabwerera kunyumba maso ali psuu, mapewa ngati ndamenyedwa, kumakina sindinasoke kanthu mpaka masana.

Koma chimene chinandibweza sabata yotsatira ndi kamnyamata kena ka sitandade 2. Kanalandira phala lake m'kapu, kanamwa theka, theka linalo kanavindikira ndi pepala la m'kope nkuika m'jumbo. Nditafunsa anzanga anati kamasungira mng'ono wake amene sanayambe sukulu. Ine ndili ndi ana atatu ndipo sanagonepo ndi njala, koma kamwanako kamakhala mseu umodzi ndi ine ndipo sindinkadziwa.

Ufa wa phalali, wa chimanga ndi soya umene timautcha Likuni Phala, umabwera ndi a Mary's Meals. Bungweli linayambira konkuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200 okha, lero likudyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno. Anthu akamva nambala imeneyi amaomba m'manja nkumati azungu atithandiza, chabwino nzoona ufawo amagula ndi ndalama za anthu akufuna kwabwino, koma thumba la ufa silidyetsa mwana likakhala m'sitolo. Otunga madzi, obweretsa nkhuni, otsuka miphika ndi ife makolo, ndipo palibe amalandira ngakhale 1 tambala. Ambiri ndi amayi oti akachoka pamenepo akukagulitsa tomato kapena kukachapa zovala za eni kuti apeze ya ndiwo.

Ndiye apa ndi pamene pali dandaulo langa. Ukamuuza munthu kuti tiye ukathandizeko, funso loyamba ndi loti kodi pali kangachepe? Alawansi ilipo? Ya sopo bwanji? Matendawa anatilowa kudzera m'mawekishopu, munthu anazolowera kuti akangokhala pampando nkusaina pepala alandira envulopu ndi botolo la fanta, ndiye lero ngakhale kukumba dzenje la zinyalala pa sukulu ya mwana wake yemwe akufuna alipidwe. Sindikunyoza umphawi, inenso ndikuudziwa, chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ulusi ndi zipi zomwe zinakwera moti makasitomala amaona ngati ndikuwabera. Koma agogo ndanena aja ndi osauka kuposa tonsefe ndipo sanajombepo.

Chinanso, ife a Malawi timadziwa kuthandiza pakagwa tsoka, pamenepo sindingatsutse. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, ndinaona ndi maso anga anyamata akukumba ndi makasu ndi manja kufunafuna anthu, ena osawadziwa nkomwe. Anthu oposa 1,000 anatisiya m'dziko muno. M'makampu munabwera zovala, ufa, mabulangete, mabasiketi, magalimoto ali ndandanda, ena zithunzi zili mbwee pa Facebook atanyamula kathumba kamodzi anthu asanu. Zinathandiza, sindikukana. Koma patatha miyezi iwiri itatu kunangoti zii, pamene ana amasiye amene anatsala aja njala yawo inali ikungoyamba kumene. Ena mwa iwo ndi amene timawagawira phala lerowa.

Kwa abambo anzanga ndiye ndili nanu mawu. Pa gulu lathu la Lachitatu mwamuna ndine ndekha. Anzanga a pa bawo amanditcha mayi phala, ena amati anandidyetsa khuzumule, ine ndimangoseka poti ana awo omwewo ndi amene amakhala kutsogolo pa mzere ndi makapu. Ngati mthiko ukukuchititsani manyazi palibe vuto, nkhuni zikufuna wowaza, denga la khitchini likudontha, migolo ya madzi ndi yolemera kwa amayi oti ena ali ndi mwana kumsana. Maola atatu pa sabata basi, mpira wa Bullets ndi Wanderers timauonera nthawi yoposa pamenepo tikaphatikiza ndi kukangana kwake.

Ndipo amene muli pantchito zoti simungapezeke m'mawa, musati ndiye mwapulumuka. A Malawi Blood Transfusion Service amadandaula chaka ndi chaka kuti magazi amachepa sukulu zikatsekera chifukwa ambiri opereka ndi ana asukulu. Tangoganizani, ana a sekondale ndi amene akusunga miyoyo ya amayi oyembekezera m'zipatala pamene ife akuluakulu ndi mimba zathu tikuopa jakisoni. Ine ndinakaperekako kamodzi, sizinatenge ndi ola lomwe, ndipo ndikuvomera kuti ndachedwa kubwererako.

Mayi a kunyumba anachira kalekale, anabwerera pa ndandanda koma anasankha Lolemba, akuti Lachitatu ndi langa tsopano ndisawalande mbiri. Sabata ino nkhuni zatsala zochepa ndipo mvula ikangoyamba zouma zimasowa, ndiye bambo aliyense wa kuno amene ali ndi nkhwangwa abwere nayo, atipeza kuseri kwa makalasi kumene kukufuka utsiko.

Telala wa pakhonde,
Chilobwe, Blantyre