Kwa inu a bungwe la ngongole mu Zomba: ming'oma yathu inapsa, inu n'kutitcha otentha phiri?

Ndikulemba pano poyera chifukwa foni za ku ofesi kwanu sizikuyankhidwa, ndipo nambala ya mlangizi wanu yemwe ankabwera kwathu panjinga yamoto ikungoti siyikupezeka. Dzina la bungwe lanu sinditchula lero. Mukudzidziwa, ndipo amene amayendetsa tsamba lanu ndamutumizira uthenga womwewu kuti mawa musadzati simunamve.

Ine ndine msungichuma wa gulu la amayi oweta njuchi m'munsi mwa phiri, mbali ya ku Domasi. Chaka chatha munatipatsa ngongole ya K2,400,000. M'manja mwathu munafika K2,232,000, chifukwa K168,000 munadula nthawi yomweyo ponena kuti ndi ya inshuwalansi. Mlangizi wanu anakhala nafe pamphasa, pamaso pa amfumu, n'kutiuza kuti ndalama imeneyo idzatiteteza pakagwa moto, madzi osefukira, kapena mmodzi wa ife akamwalira. Amayi ena anakana, amati ndalamayo yachuluka. Ine ndi amene ndinawanyengerera kuti asaine, chifukwa tonse tinali tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, anthu kutsala opanda kanthu usiku umodzi. Tinagula ming'oma 60 ya matabwa pa K35,000 umodzi, yotsalayo tinagulira zovala zofulira uchi ndi chofukizira utsi. Chiwongoladzanja mumawerengera pa K2,400,000 yonse, kuphatikiza ija simunatipatse ija, ndipo mwezi ndi mwezi tinkabweza K245,000 osaphonya mpaka pamene moto unabwera.

Za moto wa chaka chino palibe wa mu Zomba amene akufunika kuuzidwa. Kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti phiri lakhala likuyaka, uku kukazima kwina kwabuka. Anthu a ku Matawale, ku Chinamwali ndi ku Sadzi ankaima panja usiku kujambula mzere wofiira uja n'kumaponya pa Facebook. Ife moto umenewo tinauonera pafupi. Unatsika masana dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikuukankha, udzu uli wouma gwa. Tinathamangako ndi nthambi zaziwisi ndi zidebe, amuna, amayi, ngakhale ana amene anali atangoweruka kusukulu. Njira yotchingira moto tinali titalambula kale m'nyengo yozizira monga timachitira chaka chilichonse, koma moto unalumpha kudzera m'mwamba mwa mitengo. Ming'oma 47 inapsa psiti, njuchi ndi zisa zomwe. Mwa 13 yotsalayo, yambiri njuchi zinathawamo chifukwa cha utsi. Mayi mmodzi wa m'gulu lathu anapsa mwendo ndipo mpaka lero akuyenda motsimphina. Ndipo izi zachitika nthawi imene mitengo ya m'phirimo imachita maluwa, pomwe timayembekezera kufula uchi wambiri mvula ikamayandikira. Uchi umenewo ndi umene unkayenera kumaliza ngongole yanu.

Tinakudziwitsani sabata yomweyo. Munati tibweretse kalata ya amfumu, tinabweretsa. Munati lipoti la apolisi, tinapita kukalitenga. Munati kalata ya a zankhalango yotsimikiza kuti moto unadutsa dera limenelo, anatilembera bwinobwino ndipo anatipepesa. Munati zithunzi zikhale zotsukitsa, za pafoni ayi. Mapepala, mafotokope ndi zithunzi zinatidyera K18,500. Kabaza ndi minibasi zinadya K23,000. Yonse pamodzi K41,500, ndalama ya m'thumba la gulu, imene amayi anasonkha pogulitsa masamba ndi zitumbuwa.

Tsono chimene chandilembetsa ndi ichi. Tsiku lina chapakati pa mwezi watha, ndikuganiza linali Lachiwiri kapena Lachitatu, munandiimbira nokha kuti ndibwere m'mawa, abwana a nthambi adzandiona. Ndinadzuka kusanache, ndinafika musanatsegule, ndinakhala pabenchi panja. Dzuwa linafika paliwombo ndili pomwepo. Nditalowa ndinapeza mnyamata wa pa tebulo loyamba, wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, ali pafoni. Ndinapereka moni, sanayankhe. Ndinayika envulopu patebulo, anaikankha ndi cholembera osaitsegula n'komwe. Akuti abwana apita ku Blantyre kumsonkhano. Ndinati nanga bwanji munandiitana? Ndiye anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunena mokweza kuti anthu onse a pamzere amve: "Mayi inu, moto wa m'phiri uja mumayatsa ndinu nomwe pofuna mbewa. Ndiye mukufuna ife tikulipireni chiyani?"

Anthu ena anaseka. Mlonda anandigwira pachigongono kuti ndipatse mpata ena. Ine mayi wa zidzukulu, nditavala chitenje changa chabwino, ndinatuluka mu ofesi mwanu ngati wakuba wogwidwa mumsika. Ndinafika pa depoti manja akunjenjemera, ndalama ya minibasi ndinalephera kuiwerenga.

Abwana a nthambi, ndikufunseni mwaulemu. Mwana ameneyu mawu amenewa anawatenga kuti? Ndi zimene mumakambirana za ife tikatuluka? Pamene mlangizi wanu ankadula K168,000, bwanji sanatiuze kuti anthu a m'munsi mwa phiri ndi otentha tchire, inshuwalansi siwayenera? Nthawi yolandira ndalama tinali "amayi athu olimbikira", munatijambula ndi ming'oma yathu n'kuika chithunzi pa tsamba lanu. Chithunzicho chidakalipo, ndachiona dzulo.

Woweta njuchi sangayatse tchire, ndipo aliyense wodziwa ntchitoyi akhoza kukuuzani. Chuma chake chapachikidwa m'mitengo momwemo. Msuku ukapsa, mombo ukapsa, njuchi zikadya kuti? Ife ndi amene timathamangitsa anyamata okumba mbewa akayandikira ndi machesi. Ife ndi amene timakangana ndi owotcha makala mpaka kuopsezedwa. Sindikukana kuti moto umayatsidwa ndi anthu. Alipo osaka mbewa ndi akalulu, alipo ofuna msipu wanthete wa ziweto, alipo otentha zinyalala m'munda mphepo n'kuwalanda moto, alipo ofula njuchi za m'mphako ndi muuni, ndiponso alipo ocheka matabwa mozemba. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa, ndipo mu 2020 analikonzanso kuti zilango zikule. Ngati muli ndi umboni woti gulu lathu ndi limene linayatsa, pitani nawo kupolisi, ine ndikaima m'khoti. Ngati mulibe, mnyamata wanuyo anatinamizira mlandu pagulu, ndipo imeneyo si nkhani yaing'ono.

Ndipo inu abale anga amene mukuwerenga, ndili nanunso mawu pang'ono. Ndakhala ndikuwerenga zimene mumalemba pansi pa zithunzi za phiri likuyaka. Ambiri mukumva chisoni chenicheni, ena mpaka munakwera kukathandiza kuzima, Mulungu akudalitseni. Ena mukufunsa za madzi, ndipo mukulondola, chifukwa madzi a m'mipopi ya m'tauni muno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri lomwelo, ndipo phiri likakhala lambee mvula yoyamba idzakokolola phulusa ndi dothi kutsikira m'mitsinje. Likangala ndi Domasi zimathira m'nyanja ya Chilwa, ndiye ngakhale msodzi wa ku Kachulu nkhaniyi ikumukhudza. Koma pali ena amene mumangolemba kuti "anthu akumudzi ndi mbuli, awamange onse". Mawu amenewo ndi omwe ndinakawapeza pa tebulo la ofesi ija. Mukamatiika tonse m'thumba limodzi, mukupereka chifukwa kwa anthu ngati awa chokanira kutilipira.

Bwerani mudzaone amene moto wawapweteka. Udzu wofolerera nyumba wapsa wonse, mtolo wakwera mtengo, ndipo mvula ili pafupi madenga ali pululu. Amayi amene amatola masuku kukagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde chaka chino alibe chotola. Ana ndi agogo akutsokomola usiku wonse. Anyani ndi nguluwe zathawa lupsa n'kutsikira m'madimba mwathu. Mbande zimene tinabzala ndi ana asukulu nyengo yobzala mitengo yapitayi zapserera zonse, ndipo Disembala akubwerayu tidzaitanidwanso kukabzala zina pamalo omwewo. Anyamata ogulitsa sitiroberi ndi zipatso zina panjira yokwera ku Ku Chawe nawonso akudandaula, chifukwa mlendo sakwera phiri kukaona zitsa zakuda. Amene tinapsa manja pozima moto ndife, amene tataya katundu ndife, ndiye otukwanidwa tikhalenso ife?

Ndibwerere kwa inu a bungwe. Patangopita masiku ochepa chinditukwanireni, pafoni panga panalowa uthenga woti gulu lathu lachedwa kubweza ndipo mwatiwonjezera chindapusa cha K36,750. Kenaka kunabwera anyamata awiri kumudzi, kuyamba kulemba mbuzi za amayi, njinga, ndi malata a nyumba ya mayi wopsa mwendo uja. Anafika mpaka pakhomo pa munthu amene akugona ndi bala, osafunsa n'komwe kuti mwadzuka bwanji. Pa nkhani yotenga zathu njira ya kwathu mukuidziwa bwino, koma kudzaona malo amene ming'oma inapsera palibe ndi mmodzi yemwe wa inu amene wabwera. Mawaya amene tinapachikira ming'oma adakali lende m'mitengo, tawasiya dala kuti mudzawerenge nokha.

Mmodzi wa anyamatawo anatiuza kuti inshuwalansi ija ndi ya imfa yokha, ya moto mulibemo. Ngati zili choncho, tionetseni pepala limene tinasaina. Takhala tikupempha kope yake chitengereni ngongoleyi, mumangoti ili ku likulu. Kodi K168,000 inapita ku kampani iti ya inshuwalansi? Nambala ya mgwirizano wathu wa inshuwalansiyo ndi chiyani? Kapena ndalamayo sinatuluke n'komwe mu ofesi mwanu? Amfumu analipo tsiku lija, amayi onse a m'gulu analipo, ndipo mlembi wathu analemba m'kaundula wa gulu mawu a mlangizi wanu, kuti moto uli m'gulu la zotetezedwa. Kaundulayo ndili naye.

Zimene tikufuna si zachifundo. Ming'oma 47 pa K35,000 ndi K1,645,000, ndipo pamenepo sitinawerengere uchi umene unali m'katimo, kapena kuti mitengo ya matabwa inakwera chigwereni kwacha. Mutilipire ndalama imeneyo kapena muichotse pa ngongole. Chindapusa cha K36,750 chifufutidwe, chifukwa kuchedwako kwabwera ndi moto umene munati mwatiteteza nawo. K41,500 ya maulendo ndi mapepala mutibwezere, popeza ndinu amene munkatiyendetsa. Anyamata anu asapondenso pakhomo pa membala aliyense mpaka nkhaniyi itatha. Ndipo mnyamata wa pa tebulo uja apepese. Sindikufuna kuti achotsedwe ntchito, nayenso ali ndi makolo amene akumudalira, koma apepese pamaso pa anthu monga momwe ananditukwanira pamaso pa anthu. Ngati mukukana kulipira, kanani m'kalata yokhala ndi chidindo ndi siginecha, mutchule ndime ya mgwirizano imene mwaimapo.

Ndakhala ndikulankhula nanu mofatsa nthawi yonseyi, koma kufatsako kwakwana. Mwezi uno ukatha tisanalandire yankho lolembedwa, ndikukwera basi ndi kaundula wathu, malisiti onse ndi kalata ya amfumu kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira mabungwe a ngongole ndi a inshuwalansi. Ndikalemberanso a Competition and Fair Trading Commission ndi a CAMA, mabungwe oteteza ogula. Kuchoka apo ndikupita pa wailesi, ndipo tsiku limenelo dzina la bungwe lanu ndidzalitchula, la nthambi ndidzalitchula, ndi chithunzi chija munatijambula chija ndidzachiika pambali pa zithunzi za phulusa. Amayi a m'gulu agwirizana kale kuti zikavuta tibwera tonse kudzakhala pakhonde la ofesi yanu, mayi wa bala uja tidzachita kumunyamula.

Anzanga a ku Malosa, ku Songani, ku Namadidi ndi kwina konse kumene moto wadutsa chaka chino, ngati nanunso anakudulani ndalama ya inshuwalansi potenga ngongole ndipo pano akukuzembani, lembani pansipa kuti anakudulani zingati ndi zimene anakuuzani. Nambala za foni musaike poyera, nditumizireni kumbali. Tikapita ku Reserve Bank tipite ndi mndandanda umodzi. Ndipo ngati pali wina wodziwa malamulo amene angatiwerengere mgwirizanowu akadzatipatsa, chonde atithandize, chifukwa unalembedwa m'Chingerezi chokhachokha ndipo ambiri mwa amayi athu anangodinda chala.