Kwa Yamikani, za chifuwa cha Takondwa

Area 25, Lilongwe

Mwana wanga Yamikani,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe ku Johannesburg. Amayi ako akupereka moni. Mawu amene unatumiza pa WhatsApp Lachiwiri ndawamvera katatu, ndipo yankho lake silingakwane pafoni pomwe mayunitsi amatha nkhani isanafike pakati. N'chifukwa chake ndakhala pansi ndi cholembera.

Unati kwathu kulibe matenda ngati a mwana wako Takondwa, ndipo unabwereza za azakhali ako zoti mwana akabadwa mtima uli kumanja ndiye kuti kuchikazi kuli kanthu. Mawu amenewo afika kale m'makutu mwa amayi ake a Takondwa. Lamlungu sanadye nafe nsima. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuchapanso zovala zimene anali atayanika m'mawa, maso ali psuu. Zandipweteka kwambiri, chifukwa mayi ameneyu ndi amene wakhala akugona tsonga zaka zinayi, mwana ali pachifuwa, iwe uli kutali.

Ine ndinalipo ku Kamuzu Central pamene dokotala wa ana anakweza chithunzi cha X-ray. Anachitembenuza kawiri poganiza kuti wachigwira mosemphanitsa. Kenako anaika choyezera pachifuwa cha mwana: kumanzere kunangomveka patali, kumanja gu, gu, gu. Chiwindi nacho chili kumanzere. Atamva za kubanika tsiku lobadwa lija, mamina osaleka chilimwe ndi dzinja lomwe, mafinya a m'khutu, ndi miyezi 6 ya mankhwala a TB amene anapatsidwa kuchipatala china chija koma chifuwa osasintha, anati zonsezi zikuloza matenda amodzi otchedwa PCD (primary ciliary dyskinesia), kutanthauza kusayenda bwino kwa titsitsi ta m'njira za mpweya. Ziwalo zikakhala zosinthana mbali chonchi amawatchulanso dzina la Manes Kartagener, dokotala wa ku Zurich amene anawafotokoza mu 1933.

Ndaphunzitsa Biology moyo wanga wonse, ndiye ndilole ndikuimike pabolodi monga kale. M'njira zonse za mpweya, kuyambira m'mphuno mpaka m'mapapo, muli maselo okhala ndi titsitsi tosaoneka ndi maso, selo limodzi pafupifupi 200. Titsitsi timeneti timakupiza koposa kakhumi pa sekondi imodzi, tonse mbali imodzi, ngati nkhafi za asodzi a ku Senga Bay. Ntchito yake ndi kusesa. Fumbi la mu Okutobala, utsi wa zinyalala, tizilombo, zonse zimamatirira m'makhololo, ndipo titsitsi timakankhira makhololowo kukhosi usana ndi usiku ife osadziwa.

Chimene chimayendetsa titsitsi timeneti ndi puloteni yotchedwa dynein, dzina limene Ian Gibbons anaipatsa mu 1965. Imeneyi ndi injini yeniyeni, mafuta ake ndi ATP, imene selo limadzipangira kuchokera ku chakudya. M'kati mwa katsitsi kamodzi muli timachubu tiwiritiwiri magulu 9 tozungulira tiwiri tapakati, ndipo dynein ili ngati timanja totuluka pa gulu lina n'kugwira gulu loyandikana nalo, kukoka, kutaya, kugwiranso. Ukukumbukira nsungwi zowaza zimene agogo ako ankalukira malichero? Umange ziwiri kumunsi, kenako ukankhe imodzi motsetsereka pa inzake, uona zonse zikuwerama. Katsitsi kamapindika motero. Mu 1976 Björn Afzelius wa ku Sweden anasonyeza kuti mwa odwala matendawa amene anawapima timanjati kulibe. Tsache lilipo koma palibe wolisuntha, makhololo amangokhala phee, tizilombo n'kupeza malo.

Za mtima nazo n'zomwezo. Mimba ikakhala ya milungu itatu yokha, pa kamwana kamene kakupangikako pamakhala kadzenje kena kamene titsitsi take timazungulira n'kukankhira timadzi kumanzere, ndipo thupi limadziwira pomwepo mbali yoika mtima. Titsitsi tikapanda kuyenda, mbali imangogwa mwamwayi. Pafupifupi theka la ana odwala matendawa amabadwa ziwalo zitasinthana, enawo ayi. Mtima wa Takondwa aupima, ukugwira ntchito bwinobwino.

Tsopano tchera khutu, chifukwa apa ndi pamene ndalemberapo kalatayi. Malangizo opangira zidutswa za injiniyi ali m'majini. Ndikunena majini a m'maselo, amene munthu amatengera kwa makolo, osati aja amatulutsidwa kumapemphero. Azakhali ako asasokoneze ziwirizi. Majini oposa 50 amatha kuyambitsa PCD, ndipo mwa odziwika kwambiri pali DNAH5, ya pa chromosome (mtolo wa majini) 5, imene imapanga chidutswa chachikulu cha dynein, ndi DNAI1 ya pa chromosome 9, imene inali yoyamba kudziwika mu 1999. Jini ngati imeneyi munthu amakhala nayo iwiri, ina ya kwa bambo, ina ya kwa mayi. Imodzi ikakhala yolakwika, inayo imagwira ntchito yokha ndipo munthu amakalamba osakhosomola n'komwe. Mwa ana ochuluka zedi odwala matendawa, zonse ziwiri zimakhala zolakwika. Ndiye kuti ina yachokera kwa amayi ake, ina kwa iwe. Ndipo iwe sunaitole pamsewu: unailandira kwa amayi ako kapena kwa ine amene ndikulemba pano. Yakhala ikuyenda m'magazi athu mwakachetechete, mwina kuyambira makolo athu asanasamuke ku Dowa. Ukatambasula chala kuloza kuchikazi, ukuloza nyumba yako yomwe, ndipo palibe amene analakwa kapena kulodza.

Chimene ndikufuna kwa iwe ndi ichi. Uwaimbire akazi ako iwe mwini, osati kudzera mwa amayi ako, ndipo upepese. Azakhali ako ndiyankhula nawo ndekha.

Matendawa alibe mankhwala ochiziratu, koma ali ndi chisamaliro, ndipo ana osamalidwa bwino amakula, amaphunzira, amagwira ntchito. Zimene titsitsi talephera tizichita ndi manja athu. M'mawa uliwonse asanamwe phala, amayi ake amamugoneka chafufumimba pa mapilo, n'kumamuomba pamsana ndi chikhatho chokhoteka monga anatiphunzitsira a physio, aja ochititsa odwala mafizo, pho, pho, pho, mpaka makhololo atatuluka. Madzulo ndi ntchito yanga. Tikatha ndimampatsa kapaipi kuti aziuzira m'botolo la madzi a sopo, ndipo thovu likasefukira amaseka mpaka kukhosomola, komwe n'kumene tikufuna. Mbaula tayitulutsa panja, zinyalala sitikuwotchanso pakhomo. Ukabwera pa Khirisimasi fodya uja umusiye kumalire. Azisewera mpira, azithamanga; asamamuumirize kukhala pamkeka ngati wodwala. Makhololo akasintha mtundu kapena thupi likatentha, tsiku lomwelo kuchipatala, osati kugula timapilitsi pa okala. Katemera asamuphonye ngakhale mmodzi.

M'buku lake la kuchipatala talemba ndi zilembo zazikulu kuti ziwalo zake n'zosinthana mbali, chifukwa tsiku lina kathumbo kakang'ono kotchedwa appendix kakadzatupa ululu udzamveka kumanzere, ndipo wosadziwa akhoza kutaya nthawi. Akayamba sukulu tidzapempha kuti azikhala kutsogolo, poti makutuwa nthawi zina amatseka.

Pali nkhani ziwiri zoti zikhale pakati pa iwe ndi akazi ako. Yoyamba: ngati nonse muli ndi jini yolakwika imodziimodzi, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi, ndipo kubadwa kwa Takondwa sikuchotsera wotsatira. Mukakhale pansi ndi dokotala nonse awiri musanaganize za wina. Yachiwiri: mchira wa mbewu ya abambo umayenda ndi injini yomweyi, choncho amuna ambiri odwala matendawa amavutika kubereka, ngakhale masiku ano madokotala ali ndi njira zothandizira. Imeneyo isamveke pa maliro kapena pa chinkhoswe. Ndi yake ya mwanayo, udzamuuza wekha akadzakula.

Tibwereranso ku Kamuzu Central mwezi wamawa, ndipo ya minibasi ndili nayo, usavutike. Loweruka madzulo foni ikhala ndi amayi ake a Takondwa. Mwanayo akufuna akuonetse botolo lake la thovu.

Ndine bambo ako.